Khadi Latsopano la Zithunzi pa Mitengo ya Lero: Yezani Kaye Musanatulutse Ndalama

Mu Julayi 2016 kampani ya Nvidia inatulutsa GTX 1060 ya 6GB, khadi la zithunzi (graphics card, chida cha mu kompyuta chojambula zooneka pa monita), pa madola 249. Khadi limeneli linafala ngati njinga za kabaza, ndipo mpaka pano likugwirabe ntchito m'makompyuta ambiri a anthu okonda magemu. Lero khadi la pakatikati ngati RTX 5070, lomwe linatuluka mu Malichi 2025, kampani inaliika pa madola 549, pomwe RTX 5090 inaikidwa pa madola 1,999. Imeneyo ndi mitengo ya papepala ku America, msonkho usanalowepo. Pofika m'manja mwa munthu wa ku Lilongwe, khadi limakhala litakwera ndege, litadutsa kwa a msonkho, komanso litagulidwa ndi madola ovuta kuwapeza. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo amene ankasunga makwacha kuti adzagule khadi anangodzuka m'mawa khadi lija litathawira patali.

Chokweza mitengo chikudziwika. Mu 2021 makhadi anasowa m'masitolo chifukwa cha mliri wa Covid-19 ndi anthu okumba ndalama za pa intaneti, makamaka Ethereum. Kukumba Ethereum ndi makhadi kunatha mu Seputembala 2022, mitengo n'kutsikako, koma sinabwerere pakale. Kenako kunabwera AI, mapulogalamu otsanzira nzeru za munthu. Ma chip a makhadi atsopano a Nvidia ndi AMD amapangidwa ndi TSMC ya ku Taiwan, ndipo memory yambiri imachokera kwa Samsung, SK Hynix ndi Micron. Mafakitale omwewo ndiwo akupanga zida za AI, zomwe phindu lake silingafanane ndi la khadi la mnyamata wosewera mpira pa kompyuta. Chakumapeto kwa 2025 mtengo wa memory unakweranso koopsa.

Tsono kudikira mitengo ya 2016 n'kudikira mvula mu Ogasiti. Koma kuthamangira kusitolo poopa kuti mawa zikwera n'kutayanso ndalama. Khadi muligule pokhapokha manambala a pa kompyuta yanu atasonyeza kuti vuto ndi khadilo. Njira yake ndi iyi.

1. Tchulani njuchi yakulumani

Chuluke chuluke ngwa njuchi, umanena iyo yakuluma. Mawu akuti "kompyuta yanga yayamba kuchedwa" sathandiza kanthu. Tengani pepala, lembani magemu atatu amene mwasewera kwambiri mwezi wathawu, osati amene mumangowaonera pa YouTube. Pa gemu iliyonse lembani chikukuvutani: kodi ikukana kutseguka, ikuyenda mwaulesi nthawi zonse, kapena ikuyenda bwino koma n'kumadodoma mwa apo ndi apo? Mavuto atatuwa mankhwala ake ndi osiyana.

Ngati pa pepalapo pali Valorant, GTA V, Fortnite ndi EA Sports FC, n'kutheka kuti khadi la zaka zisanu kapena kuposerapo likukwanabe. Ngati pali Cyberpunk 2077 kapena Alan Wake 2, nkhani ndi ina.

Mawu amodzi kwa a laputopu: m'malaputopu ambiri chip ya zithunzi inawotcheredwa pa motherboard, bolodi lalikulu lolumikiza zida zonse, siichoka. Gawo 3 ndi 4 likuthandizani, koma zogula khadi si zanu.

2. Yang'anani monita yanu

Monita ndiyo imalamula kukula kwa ntchito. Ya 1080p ili ndi timadontho 2,073,600 toti khadi lijambule pa chithunzi chilichonse. Ya 1440p ili ndi 3,686,400, ndipo ya 4K ili ndi 8,294,400, kuwirikiza kanayi ya 1080p. Onaninso ma Hz. Monita ya 60Hz imaonetsa zithunzi 60 zokha pa sekondi, ngakhale khadi litatulutsa 200. Ngati muli pa 1080p ya 60Hz ndipo simukuganiza zoisintha, khadi la madola 549 likhala ngati lole yonyamula thumba limodzi la makala.

3. Yezani

Gawo ili ndilo mtima wa nkhani yonse, ndipo ndi limene ambiri amalilumpha.

Ikani MSI Afterburner pamodzi ndi RivaTuner Statistics Server yomwe imabwera nayo. Ndi zaulere, ndi zazing'ono, ndipo zimagwira ntchito pa khadi la kampani iliyonse. Muzitenge pa tsamba lenileni la MSI, chifukwa pali masamba achinyengo amene amaikamo mavairasi. Lowani mu Settings, kenako Monitoring, n'kusankha izi kuti zizioneka pakona mukamasewera: GPU usage, GPU temperature, Memory usage, CPU usage, RAM usage, Framerate ndi Frametime. GPU ndi chip ya pakhadi, CPU ndi purosesa, RAM ndi memory ya kompyuta, Framerate kapena FPS ndi kuchuluka kwa zithunzi pa sekondi, ndipo Frametime ndi nthawi imene chithunzi chilichonse chimatenga kujambulidwa. Mu ma settings a gemu zimitsani V-Sync ndi chilichonse choletsa FPS kukwera, apo ayi manambala akunamizani. Sankhani malo amodzi ovuta mu gemu ija, monga pakati pa mzinda pamene pali anthu ambiri, sewerani mphindi khumi, n'kulemba zimene mwaona.

GPU usage ikakhala pa 95 mpaka 100 peresenti nthawi zonse ndipo FPS ili pansi pa imene mukufuna, ndiye kuti khadi lagwira ntchito mpaka pomaliza mphamvu zake. Apo khadi latsopano lingathandize.

Koma ikamayenda pa 60 kapena 70 peresenti pomwe gemu ikuvuta, khadi likungokhala, kudikira mnzake wochedwa. Mnzakeyo kawirikawiri ndi purosesa kapena RAM. Musanyengedwe ndi CPU usage yoonetsa 40 peresenti: purosesa ili ndi ma core angapo, ndipo gemu ikhoza kutopetsa imodzi yokha enawo akupuma. Njira yotsimikizira ndi yophweka. Tsitsani gemu ija kuchoka pa 1080p kufika pa 720p, zina zonse osakhudza. FPS ikalumpha kwambiri, khadi ndilo limabweza zinthu m'mbuyo. Ikangosuntha pang'ono kapena osasuntha n'komwe, mukagula khadi la ndalama zambiri mudzapeza FPS yomweyo.

Ine izi zinandichitikira. Kompyuta yanga ya GTX 1060 inkadodoma pa mpira, makamaka kamera ikamatembenuka pa kona, ndipo ndinali nditayamba kale kufunsa mitengo kwa msuweni wanga wa ku Johannesburg. Nditayeza, khadi linali kuyenda chapakati basi, pomwe RAM inali yodzaza thoo. Ndinali ndi kandodo kamodzi ka 8GB. Nditawonjezera kachiwiri kofanana nako, kudodoma kuja kunatha, ndipo ndalama imene ndinawononga sinafike n'komwe pafupi ndi mtengo wa khadi. Timindodo tiwiri timapatsa purosesa njira ziwiri zofikira memory m'malo mwa imodzi, ndiye phindu silikhala pa kuchuluka kwa ma GB kokha.

Yang'ananinso Memory usage, yomwe ndi VRAM, memory ya pakhadi penipeni. Ikadzaza, khadi limayamba kubwereka RAM ya kompyuta, yomwe ili kutali ndiponso ndi yochedwa. Zizindikiro zake ndi kudodoma kwadzidzidzi, mzere wa Frametime wokhala ndi minga, ndi makoma kapena nkhope zooneka ngati zopakidwa matope kwa masekondi angapo zisanayere.

Chomaliza ndi kutentha. Makhadi ambiri akafika cha m'ma digiri 83 kapena 85 amayamba kudzichepetsa okha liwiro kuti asapse. Ngati gemu imayamba bwino n'kumafooka pakapita mphindi makumi awiri, makamaka mu Okutobala, ganizirani kutentha musanaganizire za sitolo.

4. Yesani zaulere ndi zotchipa

Tsegulani kesi. Fumbi lathu la m'chilimwe limamanga bulangete pakati pa fani ndi zitsulo zoziziritsira. Zimitsani kompyuta, zulani waya kukhoma, gwirani fani ndi chala kuti isazungulire, n'kupemerera ndi blower kapena kusesa ndi burashi yofewa. Khadi likakhala la zaka zinayi kapena kuposa, thermal paste yake, phala lopititsa kutentha kuchoka pa chip kupita ku zitsulo zoziziritsira, imakhala itauma ngati dothi la m'dambo mu Seputembala. Kuisintha kumatsitsa kutentha, koma ngati simunatsegulepo khadi, pitani nalo kwa wokonza makompyuta amene mumamudalira.

Kenako ma settings. Kusiyana kwa Ultra ndi High m'magemu ambiri mungakuone pokhapokha mutaimitsa gemu n'kuyandikiza mphuno pa monita, koma FPS imene Ultra imadya ndi yambiri. Yambani ndi kutsitsa mithunzi, utsi ndi nkhungu, komanso zonyezimira za m'madzi ndi m'magalasi. Ray tracing, njira yolemera yojambulira kuwala ndi mithunzi ngati zenizeni, izimitseni. Ma texture, omwe ndi zithunzi zokuta makoma, nkhope ndi zinthu zina mu gemu, asiyeni pamwamba ngati VRAM ikukwana, chifukwa amadya memory osati liwiro. VRAM ikadzaza ndiye atsitseni sitepe imodzi.

Yatsani upscaling. Apa gemu imajambula chithunzi chaching'ono, kenako n'kuchikulitsa mwanzeru. DLSS ndi ya makhadi a RTX okha, kuyambira pa RTX 20. FSR ya AMD, kupatula FSR 4 yomwe inatuluka ndi makhadi a RX 9000, imagwira ngakhale pa makhadi akale a GTX, ndipo XeSS ya Intel nayonso imalola makhadi a makampani ena. Pa 1080p sankhani Quality. Mukatsika kuposa apo chithunzi chimayamba kufuwa.

Lowaninso mu BIOS, ma settings a motherboard olowamo kompyuta ikamayaka, muone ngati XMP kapena EXPO, zoyendetsa RAM pa liwiro lake lonse, ndi yoyatsidwa, popeza RAM yambiri imayenda pansi pa liwiro lolembedwa pa paketi mpaka mutaiuza. Ndipo ngati magemu anu akadali pa hard disk yozungulira, SSD, chosungira mafayilo chachangu kwambiri, ichotsa kudodoma kwina kumene khadi lililonse silingachotse.

Bwererani pamalo aja munayezera, yezaninso. Ngati FPS yafika pamene mumafuna, tsekani nkhaniyi, ndalamazo mugulire zina.

5. Dziwani pamene khadi lafikadi pamapeto

Pali malire amene kupukuta fumbi sikungawasunthe. Oyamba ndi magemu amene amakaniratu khadi lopanda ray tracing. Doom: The Dark Ages ya mu Meyi 2025 ndi chitsanzo: pa GTX 1060, GTX 1660 Super kapena RX 580 siitseguka n'komwe. Imafuna RTX 20 kapena RX 6000 kupita m'mwamba.

Achiwiri ndi VRAM. Makhadi a 3GB ndi 4GB magemu akuluakulu atsopano anawasiya kale. A 6GB akupuma movutikira. A 8GB akukwanabe pa 1080p, koma pa 1440p ayamba kupanikizika m'magemu ena.

Achitatu ndi ma driver, mapulogalamu othandiza khadi kumvana ndi Windows ndi magemu. Nvidia inasiya kutulutsa ma driver okonzera magemu atsopano pa makhadi a GTX 900 ndi GTX 10 chakumapeto kwa 2025, ndipo yatsala ndi kungotseka mipata ya chitetezo mpaka Okutobala 2028. Khadi silifa tsiku limenelo, magemu anu akale apitiriza kuyenda, koma gemu yatsopano ikavuta palibe adzaikonzere khadi lanu.

Ngati gemu ya pa pepala lanu yagunda pa amodzi mwa malire amenewa, pitirizani.

6. Werengerani mtengo wonse, osati wa khadi lokha

Walira mvula walira matope. Khadi silibwera lokha.

Yambani ndi power supply, bokosi logawira magetsi ku zida za mu kesi. Tsegulani kesi muwerenge chikwangwani chake: ma watt angati, ndipo ili ndi mawaya ati. Polowetsa khadi pa motherboard pamapereka ma watt 75, waya wa 6-pin umawonjezera 75, wa 8-pin 150. GTX 1060 imadya ma watt 120, RTX 3060 imadya 170, RTX 5070 imadya 250, RX 9070 XT 304, ndipo RTX 5090 imafika 575. Nvidia imalangiza power supply ya ma watt 550 pa RTX 3060 ndi 650 pa RTX 5070. Power supply yopepuka ngati chitini chopanda kanthu, yopanda dzina lodziwika, musaikhulupirire ngakhale italembedwa 600W. Ikapsa imapita ndi anzake. Timawaya tosinthira pulagi ya SATA, ya magetsi a hard disk, kukhala 8-pin tipeweni, timatentha.

Ambiri kuno tinayamba ndi makompyuta otsika m'maofesi, ma Dell OptiPlex ndi ma HP aang'ono aja. Power supply yake ndi yochepa mphamvu, kawirikawiri ilibe waya wa khadi, ndipo mapulagi ake ndi akeake moti kuisintha n'kovuta. M'menemo mumalowa makhadi afupiafupi a low profile odya ma watt osapitirira 75, monga GTX 1650 kapena RTX 3050 ya 6GB. Kufuna choposa apo n'kufuna kompyuta ina.

Tengani tepi muyeze kutalika kwa malo a khadi mu kesi, mufanizire ndi mamilimita olembedwa pa tsamba la khadilo. Makhadi a mafani atatu ambiri amadutsa mamilimita 300.

Motherboard yakale ili ndi misampha yake. RX 6500 XT imagwiritsa ntchito njira zinayi zokha za PCIe, msewu wolumikiza khadi ndi motherboard, ndipo pa bolodi ya PCIe 3.0 imafooka moonekeratu. Intel Arc B580, ya 12GB yomwe inatuluka mu Disembala 2024 pa madola 249, ndi yokopa pa mtengo, koma imafuna Resizable BAR, setting ya mu BIOS, kuti iyende bwino, ndipo pa kompyuta yakale yopanda zimenezi mudzakhumudwa nayo.

Magetsi nawo ndi ndalama. Khadi la ma watt 250 likagwira ntchito mwamphamvu maola anayi ladya yuniti imodzi, osawerengera purosesa ndi monita. Ngati mumadalira inverter kapena UPS magetsi akazima, khadi lalikulu litanthauza batire kutha msanga kapena UPS kulira n'kuzima pakati pa gemu. Apa RTX 4060 ili ndi ulemu wake: imadya ma watt 115, pansi pa GTX 1060, koma pa liwiro imaiposa kutali.

Onjezerani ndalama yotumizira, msonkho wa pachipata ndi VAT. Chotsanipo imene mungapeze mutagulitsa khadi lakale. Nambala yotsalayo ndiyo mtengo weniweni.

7. Lumphani patali, kapena musalumphe

Lamulo langa ndi lakuti khadi latsopano liziposa lakale ndi theka kapena kuposa m'magemu anu, ndipo likawirikiza kawiri ndiye bwino. Kuchoka pa GTX 1060 kupita pa RTX 3060 ya 12GB ndi pafupifupi kuwirikiza kawiri, n'kupezanso DLSS ndi ray tracing. Kuchoka pa RTX 3060 kupita pa RTX 4060 kusiyana kwake n'kochepa, ndipo VRAM imatsika kuchoka pa 12GB kufika pa 8GB. Kumeneko n'kulipira kuti musinthe dzina.

Musadalire zithunzi za kampani zotsatsira malonda. Manambala akuluakulu a FPS amene amaonetsa nthawi zambiri amakhala ndi frame generation, pomwe khadi limapeka zithunzi zoonjezera pakati pa zenizeni. Gemu imaoneka yosalala, koma siimva dzanja lanu msanga kuposa kale. Fufuzani mayeso a anthu oima paokha ngati Gamers Nexus, Hardware Unboxed kapena TechPowerUp, pa gemu yanu ndi pa kukula kwa monita yanu. Gawani mtengo weniweni uja ndi FPS kuti muone khadi lopereka zambiri pa kwacha iliyonse: ndi limene nambala yake yatuluka yochepa.

Pa zatsopano, maganizo anga ndi awa. RTX 5060 Ti inatuluka pawiri, ya 8GB pa madola 379 ndi ya 16GB pa 429. RX 9060 XT chimodzimodzi, 299 ndi 349. Ngati kusiyana kwake kumene mukugula kukadali pafupi ndi madola 50 amenewo, lipirani, chifukwa VRAM siwonjezereka mukagula. Khadi la 8GB ndingaligule pokhapokha nditatsimikiza kuti ndikhala pa 1080p ndipo mtengo wake watsikadi.

Chenjerani ndi maina ofanana. GTX 1060 ya 3GB si ya 6GB yochepetsedwa memory chabe, mkati mwake anadulamonso. RTX 3060 ya 8GB ndi yochedwa kuposa ya 12GB. RX 580 yolembedwa 2048SP mphamvu zake ndi za RX 570.

8. Mukasankha kaunjika

Kwa ambiri a ife khadi logwiritsidwapo ntchito ndiyo njira yanzeru. RX 6600, RTX 3060 ya 12GB ndi RX 6700 XT ya 12GB zimakwana bwino pa 1080p, ndipo yomalizayo imafika ndi pa 1440p. Koma musalipire musanalione likugwira ntchito. Wogulitsa akakana kuliyesa pamaso panu, bwererani.

Tengani flash yokhala ndi GPU-Z ndi FurMark kapena Unigine Superposition, zoyendetsera khadi mwamphamvu poliyesa. GPU-Z ionetsa dzina, kukula kwa memory ndi kuchuluka kwa ma shader, timagawo ta mu chip togwira ntchito yojambula. Fanizirani ndi zolembedwa pa tsamba la kampani, chifukwa alipo amene amatenga khadi lakalekale n'kulisintha dzina kuti lizioneka ngati GTX 1050 Ti. Liyendetseni mwamphamvu mphindi 15 kapena 20. Yang'anani timadontho tamitundumitundu, mizere, kuthima kwa monita, ndi kutentha. Mverani mafani ngati akukhwekhwereza. Yesani potulukira ponse, HDMI ndi DisplayPort. Litembenuzeni muone dzimbiri, malo achikasu opserera, ndi masikuluwu okumbika mitu.

Khadi lokumbira ndalama za pa intaneti si loipa nthawi zonse, koma mafani ake ndi thermal paste zimakhala zotopa, ndiye mtengo utsike. Gwirizanani masiku angapo obwezera, ndipo zilembedwe pa WhatsApp. Mukatumiza m'bale wa ku South Africa kapena ku Britain, mupempheni aliyese komweko asananyamuke ndipo asunge lisiti, poti kubweza khadi kunja kukhoza kudya ndalama yoposa phindu la waranti.

9. Kuliika

Tengani driver watsopano ndi pulogalamu ya DDU musanayambe. Chotsani driver wakale ndi DDU mu Safe Mode, makamaka ngati mukuchoka ku Nvidia kupita ku AMD kapena kubwerera. Zimitsani kompyuta, zulani waya kukhoma, khudzani chitsulo cha kesi kuti magetsi a m'thupi achoke. Masulani sikuluwu, kanikizani kapulasitiki kotsekera kumapeto kwa polowera khadi, n'kulizula mofatsa. Latsopano lilowe mpaka limveke kuti "thi".

Waya wa magetsi ulowe wonse. Pa makhadi a pulagi yatsopano ya mapini 16 izi n'zofunika kwambiri: mu 2022 mapulagi ena a RTX 4090 anasungunuka, ndipo Nvidia inati ambiri sanalowetsedwe mpaka kumapeto. Musaupinde waya pafupi ndi pulagi. Waya wa monita ulowe pakhadi, osati pa motherboard, ndipo mu Windows muone ngati ma Hz a monita ali pamene ayenera kukhala.

Bwererani pamalo aja a mu gawo 3, yezani, mufanizire ndi pepala lanu masiku obwezera asanathe. Khadi lakale lisungeni sabata ziwiri musanaligulitse, makamaka ngati purosesa yanu ndi ya Intel yothera ndi F kapena Ryzen 5 3600 ndi 5600, zomwe pazokha sizitulutsa chithunzi khadi latsopano likakana.